Kuphunzitsa Ana za Agiriki Akale Kudzera m'Masewera a ku Olympia

Mphunzitsi wina wafunsa momwe angaphunzitsire ana a pulayimale za Agiriki akale popanda kungowawerengera buku. Njira imene ndimaikhulupirira ndiyo kuchita nawo masewera a ku Olympia, malo a ku Greece kumene Agirikiwo ankachitira mipikisano.

Choyamba, asonyezeni pamapu pamene pali Greece, ndipo muwafotokozere kuti masewerawa anayamba m'chaka cha 776 Yesu asanabadwe, ndipo ankachitika kamodzi pa zaka zinayi zilizonse polemekeza mulungu wawo Zeus. Kenaka gawani anawo m'magulu, gulu lililonse litenge dzina la mzinda monga Athens, Sparta kapena Corinth, chifukwa Agiriki sanali pansi pa mfumu imodzi. Mzinda uliwonse unkadzilamulira wokha.

Mukatero, tulukani nawo pabwalo mukayeze mtunda wa mamita pafupifupi 192, womwe ndi utali wa mpikisano wothamanga wotchedwa stadion, umene poyamba unali mpikisano wokhawo. Ana aang'ono muwadulire mtundawo pakati. Wopambana mumuveke nkhata ya masamba imene anawo aluka okha, popeza ku Olympia mphotho inali nkhata ya masamba a azitona, osati ndalama.

Mukabwerera m'kalasi, auzeni kuti akazi sankaloledwa kupikisana nawo, ndipo mupemphe atsikana, omwe angothamanga kumene, kuti ayambe kunena maganizo awo pa lamuloli.