Momwe Mungakulitsire Injini ya Volkswagen Beetle Yakale

Injini ya Beetle ya 1600 ili ndi mapisitoni a 85.5 mm m'mimba mwake, ndipo crankshaft yake, chitsulo chozungulira chimene mapisitoni amalumikizidwako, imayendetsa pisitoni mtunda wa 69 mm. Zimenezi zimapereka 1584 cc. Mutha kuikulitsa ndi mapisitoni otambalala, kapena crankshaft yoponya patali, kapena zonse ziwiri.

Yambani ndi masamu. Mapisitoni a 90.5 mm pa crankshaft yakale amapereka 1776 cc, a 94 mm amapereka 1915 cc. Mukaphatikiza a 94 mm ndi crankshaft ya 82 mm mwafika pa 2276 cc. A 87 mm amalowa popanda kusema kalikonse, koma makoma a silinda zake ndi opyapyala, sachedwa kupindika injini ikamatentha. Kuli bwino 90.5 mm.

Phwasulani injini, mutsuke, muone ngati case, thupi la injini mmene mumakhala crankshaft, ilibe ming'alu, makamaka kuseri kwa flywheel. Kenako tengerani case kwa amakina pamodzi ndi mahedi kuti akakulitse mabowo olowa masilinda.

Ntchito yeniyeni ili pa crankshaft yaitali, yoponya patali ija. Ya 78 kapena 82 mm imazungulira motambalala, choncho ma conrod, mikono yolumikiza pisitoni ndi crankshaft, amagunda mkati mwa case, nthawi zina ngakhale camshaft. Mangani moyeserera, musapake zomatira. Zungulitsani ndi dzanja pang'onopang'ono, pamene pakhudza muikepo chizindikiro, mumasule, mupale pang'ono, mumangenso. Mudzabwereza kangapo, musatope. Siyani mpata wa 1 mm kapena kupitirirako pang'ono, chifukwa zitsulo zikatentha zimafufuma. Zopalazo musazisiye pafupi ndi moto: case imeneyi ndi ya magnesium, fumbi lake limayaka.

Mapisitoni akhale opangidwira crankshaft yaitali, amene pini yake yolumikiza ku conrod ili chakumtunda. Wamba amatulukira pamwamba pa silinda n'kukamenya hedi. Pisitoni ikafika pamwamba penipeni, yezani mpata wotsala kukafika pamlomo pa silinda. Ukhale pakati pa 1.0 ndi 1.5 mm, ndipo ukachepa ikani mashimu, tizitsulo topyapyala tokweza silinda, pansi pa silinda. Mukatero injini yatambalala, ndiye ma pushrod akale, timitengo tachitsulo tokankha mavavu, afupika, pafunika ena odula pa muyeso watsopano.

Apa ambiri amaiwala compression, kupanikizika kwa mpweya ndi petulo m'silinda. Silinda yakula koma chipinda cha m'hedi chili chomwechija, choncho compression imakwera yokha. Injini yozizira ndi mpweya ikapitirira kwambiri 8:1 pa camshaft yakale imayamba kugogoda, mapeto ake pisitoni kubooka. Yezani chipindacho ndi jakisoni wa madzi musanamange.

Maring'i a mapisitoni a 94 mm akhale ndi mpata wa pafupifupi 0.4 mm pakati pa nsonga zake. Flywheel ikhale ya mapini asanu ndi atatu m'malo mwa anayi, ndipo ipite kokailinganiza kulemera pamodzi ndi crankshaft ndi kilachi. Kabureta nayo ifuna majeti akuluakulu, apo ayi injini ilandira petulo wochepa n'kutentha mavavu.

Mukailiza koyamba ndi camshaft yatsopano, isungeni pa 2000 rpm kwa mphindi 20, kenako musinthe oilo. Ikazizira, yezaninso mpata wa mavavu.