Kajambulidwe ka mabatani onyezimira ogulitsa pa intaneti

Mwafunsa chifukwa chake mabatani anu opanga pamanja amatuluka ndi kadontho koyera pachithunzi, mtundu wake osaoneka. Vuto ndi kuwala kolunjika.

Choyamba zimitsani fulashi ya foni ndi magetsi a m'chipinda. Pukutani batani lililonse ndi kansalu kofewa, chifukwa zidindo za zala zimaoneka kwambiri pachithunzi.

Kenako pezani chidebe choyera chapulasitiki chopyapyala, mubowole kabowo pansi pake. Ikani mabatani pansalu yotuwa yosanyezimira pafupi ndi windo, muwavundikire ndi chidebecho, foni muyigoneke pamwamba kamera italunjika pabowo. Apa ndi pamene pagona ntchito yonse: kuwala kukadutsa m'chidebe kumamwazika mbali zonse, kadontho kaja kamafewa ndipo mtundu weniweni umaonekera. Ine ndimakonda njira imeneyi kuposa kugula nyali zodula.

Musayandikitse foni kwambiri, masentimita 15 kuchokera pamabatani ndi okwanira, choncho chidebecho chikhale chakuya motero. Dinani pasikirini pamene pakuoneka batani lomwe mukujambulalo, chepetsani kuwala pang'ono, mutchere tayima ya masekondi 3 kuti foni isagwedere.

Chithunzi chimodzi chikhale ndi rula pambali, china chionetse kumbuyo kwa batani, ogula aone posokera.