Mmene ndinatsekera msampha wa pa f7

Ana a timu yathu ya chess ankagonja pa mpikisano atangosuntha katatu, akusewera ndi zidutswa zakuda: 1.e4 e5 2.Qh5 Nc6 3.Bc4 Nf6 4.Qxf7, basi masewera atha. (Pa kalembedwe aka, e4 kapena f7 ndi dzina la kabokosi ka pa bolodi; Q ndi mfumukazi, N ndi hatchi, B ndi bishop, x ndi kudya; pa nambala iliyonse oyera ndiwo amayamba, akuda n'kutsatira.) Vuto lili pa f7, chifukwa amateteza pamenepo ndi mfumu yokha.

Ndinawauza kuti manja azikhala pamiyendo mpaka atatchula pomwe mdani akuloza, pakuti pa mpikisano chimene wagwira uyenera kuchisuntha. Kenako tinkabwereza yankho loyenera la akuda, 3...g6 4.Qf3 Nf6, kwa mphindi 15 tsiku lililonse loyeserera. Apa hatchi yatsekereza mfumukazi kuti isafike pa f7.

Ena ankathamangira g6 pa kusuntha kwachiwiri. Zimenezo n'zoopsa: mfumukazi ya mdani imadya pa e5 n'kuopseza mfumu (Qxe5+), kenako imadya rook, chidutswa cha pakona, wa pa h8. Nc6 iyambe kaye kuti iteteze e5.