Opaleshoni yolambalala mtsempha wotsekeka wa kumwendo: zoyenera kudziwa musanavomere

Katumba akamapweteka poyenda n'kuleka mukapuma, ndiye kuti magazi akuchepa kumwendo. Zikafika poti phazi likuwawa usiku mpaka mukulendewetsa mwendo pabedi kuti mupezeko tulo, kapena chala chayamba kuda, kapena bala latha masabata 2 osapola, mwendowo uli pangozi. Pitani kuchipatala cha boma cha Kasungu. Akaona kuti m'pofunika, akutumizani ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe kuti madokotala a opaleshoni akauone. Musatemetse mphini paphazi lotere, chifukwa popanda magazi mphini imasanduka chilonda.

Pa opaleshoniyi dokotala amasoka njira yatsopano yodutsa magazi, kuyambira pamwamba pa malo otsekekawo, kawirikawiri m'mphechepeche, kukafika pansi pake cha pabondo kapena kupitirira. Njira yabwino koposa ndi mtsempha wina wa m'thupi lanu lomwe, wautali uja woyenda m'kati mwa mwendo kuchokera pakakolo. Ukakhala wowonda kapena wowonongeka amaika kapaipi kopanga. Mtsempha wanu umakhalitsa: mwa odwala 10, pafupifupi 7 umakhala ukugwirabe ntchito patatha zaka 5. Kapaipi kakatsika kupitirira bondo kamatsekeka msanga, ndipo kakalowa majeremusi nthawi zambiri kamayenera kuchotsedwa. Choncho funsani kuti, “Adokotala, mugwiritsa ntchito chiyani, nanga musokera pati?”

Ambiri amaopa mpeni, koma chimene chimapha kwambiri pa opaleshoniyi ndi mtima. Mafuta amene atseka mtsempha wa kumwendo amakhalanso m'mitsempha ya mtima, n'chifukwa chake amayamba ayeza mtima, impso, shuga ndi BP. Nyamulani buku lakuchipatala ndi mankhwala onse amene mumamwa. Ngati muli pa mankhwala a shuga otchedwa metformin nenani, poti mankhwala amene amabaya pojambula mitsempha amalemetsa impso. Musadye kwa maola 6 opaleshoni isanachitike.

Bala la m'mphechepeche ndi limene limavuta kawirikawiri, chifukwa pamatuluka thukuta ndipo khungu limapindana. Lizikhala louma. Likafiira, kutentha, kutulutsa mafinya kapena madzi osaleka, bwererani tsiku lomwelo. Likayamba kutulutsa magazi, psinjani ndi nsalu yoyera mwamphamvu n'kuthamangira kuchipatala. Kutupa kwa mwendo kokha kusakuopseni: kumatha masabata kapena miyezi, ndipo kumachepa mukamausanjika pamtsamiro pokhala.

Mfundo iyi agadiyani aimve bwino. Phazi likazizira mwadzidzidzi, kutuwa, kuchita dzanzi kapena ululu wakale kubwerera, njira ija yatsekeka. Minofu yosowa magazi imayamba kufa pakatha maola 6. Kuchokera ku Kasungu kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130, ndiye kudikira kuti kuche kapena kuti ndalama ya galimoto ipezeke kungathe kudulitsa mwendo. Ikani padera ndalama ya ulendowo musanatuluke n'komwe m'chipatala, ndipo gwirizanani ndi mwini galimoto amene angadzuke usiku.

Za fodya tinene mosabisa, ngakhale kuno ndiye mbewu imene yamanga nyumba zambiri. Wopitiriza kusuta amachulukitsa pafupifupi katatu mpata woti njira yatsopanoyo itsekeke. Chingambwe ndi ndudu ya m'sitolo n'zimodzi. Kuchepetsa sikukwanira, lekeranitu, ndipo yambani opaleshoni isanachitike kuti bala lidzapole.

Opaleshoni sichotsa matendawa. Aspirin wa 75 mg ndi mankhwala otsitsa mafuta m'magazi, monga atorvastatin, muzimwa tsiku lililonse monga alembera adokotala, ngakhale mwendo utaleka kupweteka. Yendani pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, koma khasu ndi katundu wolemera zidikire masabata 6 kapena kuposerapo. Odwala shuga asayende chosavala nsapato, asayandikitsenso phazi kumoto mu June, pakuti phazi la dzanzi limapsa mwini wake osamva. Madzulo aliwonse yang'anani pakati pa zala ndi kuchidendene, ndipo ngati maso sakuona bwino, mwana kapena mdzukulu akuonereni.