Momwe mungayambire kusonkhanitsa makobidi akale a ku America a giredi ya AU

Boma la America linakhazikitsa nyumba yosulira ndalama mumzinda wa Philadelphia mu 1792. Makobidi amkuwa anayamba kutuluka mu 1793, asiliva mu 1794, agolide mu 1795. Mwa makobidi a zaka zoyambirirazi, kufikira cha m'ma 1830, amene sanayendepo m'manja mwa anthu alipo ochepa, ndipo mtengo wake ngoboola m'thumba: dola imodzi ya 1794 inagulidwa madola oposa 10 miliyoni pa okushoni mu 2013. N'chifukwa chake ambiri amalunjika pa giredi ya AU, chidule cha About Uncirculated, kutanthauza khobidi limene linayendako pang'ono chabe.

1. Dziwani manambala. Makobidi amapimidwa pa sikelo ya 1 mpaka 70, imene William Sheldon anayambitsa mu 1949. AU ili pa 50, 53, 55 ndi 58. Kuyambira 60 ndi makobidi osayendapo. Kwa ine 58 ndiyo yokoma. Khobidi la 60 kapena 61 nthawi zambiri limakhala ndi zipsera chifukwa chogundana ndi anzake m'matumba, pomwe la 58 likhoza kukhala losalala bwino, kungopekeseka pang'ono patsaya la mayi Liberty, amene nkhope yake ili pakhobidipo.

2. Sankhani mtundu umodzi. Osayamba ndi senti yamkuwa ya 1793 yotchedwa Chain cent, mudzangopsa mtima ndi mitengo. Yambani ndi khobidi la masenti 50 lotchedwa Capped Bust, la 1807 mpaka 1836, lomwe chithunzi chake anajambula John Reich. Boma linasiya kusula dola yasiliva mu 1804 kwa zaka zoposa 30, choncho khobidi ili ndilo linali lalikulu pa asiliva, ndipo mabanki ankalisunga m'matumba osaliyendetsa kwenikweni. Ambiri anapulumuka ali abwinobwino. La 1815 ndi losowa, ndipo la 1816 musavutike kulifuna, kulibe.

3. Phunzirani kusiyanitsa kupekeseka ndi kusadindika bwino. Apa ndi pamene pagona nkhani. Makina oyendera nthunzi asanafike mu 1836, makobidi ankadindidwa ndi makina opukusa ndi manja, ndiye mphamvu inkasiyanasiyana. Khobidi linkatha kutuluka tsitsi la mayi Liberty lisanaoneke bwino, kapena zilembo zina za mawu akuti E PLURIBUS UNUM zili zozimiririka, pomwe silinalowepo m'thumba la munthu aliyense.

Zimitsani magetsi ena, mutsale ndi babu limodzi. Gwirani khobidi m'mphepete, mulipendeketse uku mukulizungulitsa pang'onopang'ono. Pakhobidi labwino kuwala kumayenda mozungulira ngati masipoko a njinga. Pamene kuwalako kwadukira, n'kusiya kamalo kotuwa, ndi pamene zala zinapekesa. Yang'anani patsaya, pa tsitsi la pamwamba pa khutu, ndi pamwamba pa mapiko a chiwombankhanga cha kuseri kwa khobidi. Malo osadindika bwino amakhala afulati koma amanyezimirabe ngati malo oyandikana nawo. Pa 58 kunyezimira kumakhalapo pafupifupi ponseponse. Pa 50 kumatsalira m'makona, pakati pa nyenyezi ndi zilembo.

4. Musathawe mizere ya tupa. Chitsulo chikalemera kuposa muyezo, ogwira ntchito ku Philadelphia ankachipala ndi tupa asanachidinde, ndipo mizere yake imaonekabe pa makobidi ambiri asiliva ndi agolide a m'ma 1790. Akatswiri saiyesa chilema, ngakhale ikachuluka pankhope imatsitsako mtengo. Chokanda cha pambuyo pake chimasiyana nayo chifukwa chimatukula chitsulo m'mbali mwake.

5. Pewani makobidi otsukidwa. Siliva wa zaka 200 sayenera kuyera mbee. Mukaona timizere tambirimbiri tolowera mbali imodzi pagalasi lokuzira zinthu, dziwani kuti wina anapukutapo. Khobidi lotere salipatsa nambala, amangolemba kuti AU Details, ndipo pogulitsa mudzalira.

6. Gulani lotsekeredwa kale m'kapulasitiki ka PCGS kapena NGC, makampani opima makobidi amene anayamba mu 1986 ndi 1987. Makobidi abodza alipo, ngakhalenso timapulasitiki tabodza, choncho lowetsani nambala ya pachikwangwani pa webusaiti ya kampaniyo muone ngati zikugwirizana. Kasitika kobiriwira ka kampani ina yotchedwa CAC kamasonyeza kuti akatswiri ena anavomereza girediyo. Musanatchule mtengo, onani mitengo imene makobidi ofanana nalo anagulidwira ku makampani a okushoni a Heritage Auctions ndi Stack's Bowers, ndipo muwerengeretu ndalama imene a okushoni amawonjezera pamwamba, ya kutumiza, ndi msonkho wa dziko limene mukukhala. Ngati mtima uli pa masenti akuluakulu amkuwa, dziwani kuti a bungwe la Early American Coppers amapima mokhwimitsa, ndipo giredi yawo imatsika kuyerekeza ndi ya pachikwangwani.

7. Sungani pamalo ouma. Chinyezi chimadya mkuwa, ndipo timatumba tofewa ta pulasitiki ya PVC timasiya litsiro lobiriwira pakhobidi. Ikani timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel m'bokosi, muzitisintha nyengo ya dzinja ikamayamba.