Mchenga wotentha unandithandiza kuchotsa zipangizo pa mabolodi akale

Ndimatola mabolodi (timatabwa ta m'kati pomwe pamakhala zipangizo zamagetsi) a mawailesi, ma TV ndi makompyuta akufa kwa okonza zamagetsi pa Dedza boma, n'kumachotsamo kopa ndi aluminiyamu. Vuto linabwera m'nyengo yozizira ya Juni. Mtovu wowotcherera wakale umene umagwira timiyendo ta zipangizo umasungunuka pa madigiri 183, pomwe wamakono wopanda chitsulo chotchedwa lead umafuna pafupifupi 217. Ndi mphepo ya kuno, ndikasungunula mwendo umodzi ndi ayironi yowotcherera, unkauma ndisanafike pa wachiwiri.

Ena amangoponya bolodi pamoto. Zimenezo ndimakana kwamtuwagalu, chifukwa utsi wake ndi wapoizoni ndipo ana ali pakhomo pomwepo.

Ndinatenga chiwaya chakale chimene sichidzaphikiranso chakudya, n'kuthiramo mchenga wouma wosefa, wokuya ngati zala ziwiri. Ndinachiika pa mbaula panja, kuseli kwa khoma kumene mphepo imapita nawo utsi kutali ndi nkhope. Mchenga umasunga kutentha ndipo umakugawa mofanana. Bolodi ndimaligoneka mbali ya mtovu ili pansi, ndipo mtovu ukayamba kunyezimira ndimazula zipangizo ndi pulayala mosavuta. Likayamba kuda kapena kununkha, makala achuluka, ndimaphula msanga. Mabatire ndi ma capacitor (tizipangizo tosunga magetsi) ndimayamba ndawadula, poti amaphulika akatentha.

Kenako maginito amandipatulira chitsulo, waya wa kopa ndimamasula m'matiransifoma. Timizere tagolide ta pa RAM (timabolodi ta memori ya kompyuta) ndimangodula n'kusunga m'botolo, asidi wochotsera golideyo sindimugwira. Ndikamaliza ndimasamba m'manja ndi sopo ndisanadye.