Chilolezo cha Mwana wa Sukulu Chikatha: Chitani Izi

Mayi, mwafunsa za mwana wa mchemwali wanu wa ku Ulongwe, ku Angonia m'dziko la Mozambique, amene akuphunzira ku Dedza kuno, ndipo Student Permit yake (chilolezo chokhala m'Malawi muno pa maphunziro) inatha sabata yatha. Musataye mtima, koma musachedwenso. Kukhala m'dziko chilolezo chitatha ndi mlandu.

Choyamba, mawa m'mawa pitani kusukulu kwake, akulu akumeneko alembe kalata yotsimikizira kuti mwanayo akadali pa maphunziro komanso nthawi yomwe adzamalize. Kalata imeneyi ndiye mutu wa nkhani yonse.

Kenako sonkhanitsani pasipoti yake, chilolezo chakalecho, zithunzi zazing'ono ndi umboni wa amene akumulipirira fizi. Yang'anani pasipotiyo bwino. Ngati nayonso yatsala pang'ono kutha, yambani mwaikonzetsa ku ofesi ya kazembe wa Mozambique ku Lilongwe.

Mukatero pitani naye ku ofesi ya Immigration ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1. Alembe yekha kalata yofotokoza chifukwa chomwe anachedwera, anene zoona zokhazokha. Akakuuzani za chindapusa, lipirani, ndipo ndalama iliyonse ikatuluka m'manja mutenge lisiti la boma.

Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi ichi: asayese kuwolokera kwawo podzera njira zachidule, poti malire ali pafupi. Pasipoti ikasowa chidindo cha pachipata, nkhani imakula. Asapatsenso pasipoti yake madobadoba a panja pa ofesi.

Lisiti ndi makope a mapepala aziyenda nazo mpaka chilolezo chatsopano chituluke.